Mmene ndinakonzera zokamba zanga m'kalasi

Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense akonze mawu okopa anthu pa mfundo imene boma liyenera kutsata, ine ndinasankha zoti mabanja a ku Makhanga, dera la ku Nsanje kumene madzi amasefukira, asamukire kumtunda. Poyeserera, anzanga anangoti duu. Ndinkangowerenga papepala, osanena chimene ndikupempha.

Pepalalo ndinalisiya. Ndinayamba ndi usiku wa mu Januwale 2015 pamene mtsinje wa Ruo unasefukira, ine ndi agogo tili pachulu, mbuzi zitapita ndi madzi. Kenako ndinawayankhiratu otsutsa: anthu amakana kusamuka chifukwa dimba ndiye chakudya chawo, choncho malo atsopanowo asatalikire madimba, pakhalenso mjigo ndi sukulu.

Ndinayeserera katatu pansi pa mtengo wa masawu. Tsikulo litafika, mafunso anachuluka mpaka nthawi inatha.