Akupezani ndi kachirombo muli ndi pakati? Yambirani apa

Ine anandipeza ndi kachirombo ka HIV ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Tsiku limenelo ndinakwera minibasi yobwerera ku Chawama, n'kutsika osatenga ngakhale chenji kwa kondakitala. Mwanayo pano ali ndi zaka zinayi, alibe kachirombo, ndipo ndi iye amatisowetsa mtendere m'nyumba muno. Ndiye amayi anzanga, tamverani zimene ndinachita.

Musadikire kuti mimba iyambe yaonekera. Mukangodumpha mwezi umodzi kapena iwiri, pitani kukayamba sikelo. M'makiliniki a boma kuyezetsa ndi kwaulere, ma ARV nawonso ndi aulere. Kuyambira 2013, kuno ku Zambia mayi woyembekezera akapezeka nako amayamba mankhwala osadikira za CD4 (kuyeza mphamvu ya chitetezo cha m'thupi), ndipo amamwa moyo wonse. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 alionse amatengera kachirombo kwa mayi awo ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa bwino, safika n'komwe 5.

Ambiri amatipatsa ma ARV otchedwa TLD, piritsi limodzi patsiku. Sankhani nthawi imene simudzaiphonya. Ine ndinkamwa usiku ndikangotsuka mbale, alamu ya pafoni ikalira. Koma pali kanthu kamene ambiri sitikamva bwino anamwino akamalankhula mothamanga, mzere uli mpaka panja. Mapiritsi owonjezera magazi aja amatha kulepheretsa TLD kulowa bwino m'thupi mukamwera limodzi m'mimba muli mopanda kanthu. Ine a magazi ndinkamwa m'mawa. Dothi lija timagula pamsika n'kumatafuna mobisa, lisiyeni. Ine ndinalisiya movutikira, sindinama. Akakuitanani kukayeza viral load (kuchuluka kwa kachirombo m'magazi) musazembe, chifukwa ndi imene imasonyeza ngati kachirombo kagonadi.

Abambo a kunyumba apiteni nawo akayezetsenso. Anga anazengereza milungu itatu. Ngati mukuopa kuti mukawauza kubuka nkhondo, uzani aphungu a ku kiliniki akuthandizeni kuwauza.

Mukachirire kuchipatala. M'chikwama cha zitenje ndi matewera muikemo botolo lanu la mankhwala ndi khadi. Mwana akabadwa amamuyamba mankhwala omuteteza, amamuyeza magazi, ndipo amadzamuyezanso pa milungu 6, pamene amayambanso Septrin, mankhwala omuteteza ku matenda ena.

Tsono nkhondo yeniyeni ili kunyumba. Miyezi 6 yoyamba mwana aziyamwa bere lokha: osampatsa madzi, phala, ngakhale mankhwala azitsamba. Zakudya zina zimatha kupweteka m'matumbo a khanda, kachirombo n'kupeza polowera. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Katete, tsiku lina ndinawapeza ali ndi kasupuni m'manja, mwana ali pamiyendo, kaphala kakuzizira pambali.

"Mwanayu akulira njala, mkaka wokha sangakhute," anatero.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, akuchipatala aletsa. Akuti adikire miyezi isanu ndi umodzi." Za kachirombo sindinatchule, inali isanakwane nthawi yake. Anakhumudwa masiku awiri, koma phala lija anadya okha. Kuyambira pamenepo popita kumsika ndinkamubereka.

Ikakwana miyezi 6 yambani kumpatsa phala ndi zina, mukuyamwitsabe mpaka chaka kapena kupitirira, inu mukumwabe mankhwala. Bere likachita zilonda, kapena mwana akatuluka zoyerayera mkamwa, thamangani ku kiliniki tsiku lomwelo. Kuyeza komaliza kumachitika mwana atasiya kuyamwa, ndiye musalekere panjira poona kuti zoyamba zinatuluka bwino.

Inunso amene munapezeka mulibe, muziyezetsabe miyezi itatu iliyonse mpaka mwana atasiya bere. Mayi akatenga kachirombo ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, kamakhala kochuluka kwambiri m'magazi masiku oyambawo, ndipo mpamene mwana amatengera mosavuta.