Momwe mungalimbikitsire kuphika ndi dzuwa, zophikira zisathere m'khola la nkhuku

Chophikira cha dzuwa choyamba chimene ndinachipeza pakhomo la munthu chinali ndi mazira asanu mkati. Anali aawisi, ndipo thadzi lomwe linawaikira linali chapafupi, likundiyang'ana ndi diso limodzi. Mayi a pakhomopo sanachite manyazi ayi. Anati a bungwe lina anabwera, anaphika mpunga pagulu, anajambula zithunzi, anagawa zophikira, basi n'kumapita. Patatha masabata atatu thumba la pulasitiki lovekera poto linang'ambika, ndipo m'dera lonselo munalibe wodziwa kogula lina. "Nanga ndikanatani, bambo? Bola nkhuku ipindule nacho."

Nzeru yophika ndi dzuwa ndi yakale. Mu 1767 katswiri wa sayansi wa ku Switzerland, Horace-Bénédict de Saussure, anakhoma bokosi lokhala ndi magalasi pamwamba n'kuphikiramo zipatso. Kufunika kwake n'kosachita kufunsa: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 2 biliyoni amaphikabe pa nkhuni, makala, ndowe zouma ndi zina zofuka, ndipo mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni. Ambiri mwa mayiko amene utsiwu ukuwasautsa dzuwa ali nalo lochuluka. Amene timalakwitsa kawirikawiri ndife olimbikitsafe, chifukwa timakonda chipangizo kuposa munthu wophika. Ngati inu kapena gulu lanu mukufuna kuyamba ntchitoyi, yendani chonchi.

1. Yambani mwakhala kukhitchini, chophikira musanachitchule n'komwe

Pitani m'makomo khumi kapena makumi awiri, mukhale pansi, mufunse. Chakudya chachikulu chimaphikidwa nthawi yanji? Amaphika ndani, ndipo dzuwa likakhala paliwombo munthuyo amakhala ali kuti? Nkhuni amagula kapena amatola, ndipo amayenda mtunda wautali bwanji? Ndi miyezi iti imene kumakhala mitambo? Pabwalo pali mbuzi, ana aang'ono, fumbi, mphepo?

Pali funso lina limene ambiri amaliiwala: kodi banjali lingalole kuti poto wawo akhale pabwalo, aliyense wodutsa n'kumaona zimene akudya tsiku limenelo? Ena sangalole, ndipo sadzakuuzani pamsonkhano. Mumamva zimenezi mukakhala awiriwiri.

Mayankho akewo ndiwo akuuzeni ngati ntchitoyi ili ndi tsogolo m'deralo. Kumene nkhuni n'zosavuta kupeza, anthu adzaombera m'manja koma sadzasintha. Kumene mayi amataya theka la tsiku kufuna mtolo umodzi, kapena kumene makala akudya ndalama ya chakudya, adzakumverani.

2. Sankhani mtundu wogwirizana ndi zimene mwamva

Mitundu ikuluikulu ilipo itatu. Choyamba ndi cha katoni womatidwa pepala lonyezimira la aluminiyamu, chimene chimapindika ngati buku. Poto wakuda amalowa m'thumba la pulasitiki losasungunuka n'kuikidwa pakati. Chodziwika kwambiri ndi CooKit, chomwe bungwe la Solar Cookers International linatulutsa mu 1994 potengera nzeru ya Roger Bernard wa ku France. N'chotchipa, koma chimaopa mvula ndi chiswe, ndipo thumba lake limatha msanga.

Chachiwiri ndi bokosi lokhala ndi galasi pamwamba, zotchinga kutentha m'mbali ndi chonyezimira chokhala ngati chitseko. Kutentha kwake kumafika cha m'ma madigiri 150 a Celsius, limalowa mapoto angapo, ndipo mungalisiye n'kukagwira ntchito zina. Chachitatu ndi chooneka ngati dishi ya kanema, chimene chimasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi. Ichi chimakazinga ndi kuwiritsa msanga ngati moto, koma chimafuna kuchitembenuza pafupipafupi kutsata dzuwa, ndipo chingathe kuwotcha dzanja kapena kuvulaza maso a mwana wosuzumira.

Ine ndimati kwa mabanja yambani ndi bokosi kapena katoni. Dishi isiyireni amene amaphika zogulitsa komanso amene ali ndi mpanda.

3. Nenani zoona: dzuwa silichotsa moto

Musalonjeze kuti anthu asiyiratu nkhuni. Usiku kulibe dzuwa, m'mawa kwambiri lilibe mphamvu, nyengo ya mvula ilipo, ndipo zakudya zofuna kutakasa mwamphamvu pamoto waukulu sizimayenda bwino m'bokosi. Kuphika ndi katoni kapena bokosi kumatenga nthawi pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamoto.

Choncho phunzitsani zinthu zitatu pamodzi: chophikira cha dzuwa cha masana owala, mbaula yosatha nkhuni zambiri ya m'mawa ndi masiku a mitambo, ndi dengu losunga kutentha. Denguli ndi dengu wamba loyalidwa nsalu zakale, thonje kapena udzu wouma, lokhala ndi khushoni yotsekera pamwamba. Chakudya chopsa masana chimafika madzulo chikadali chotentha, ndipo mpunga umene wangowira pang'ono pamoto umamalizikira momwemo. Munthu amene mwamuuza zoona tsiku loyamba sadzakhumudwa mitambo ikabwera.

4. Konzani chionetsero chimene anthu adye, osati chongoonerera

Apa ndi pamene ntchito imapindulira kapena kufera, ndiye musathamange.

Sankhani tsiku la m'nyengo yopanda mitambo, ndipo muyeserere nokha kawiri kapena katatu pamalo omwewo. Pali kalamulo kosavuta: chithunzithunzi chanu pansi chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, dzuwa lakwera mokwanira kuphika. Mapoto akhale akuda kunja, opyapyala, afulati osati akuya, okhala ndi zivundikiro zothina. Poto wonyezimira amabweza kuwala, ndipo mudzachita manyazi pagulu.

Zophikazo zichokere kwa anthu eni ake, zimene amadya masiku onse. Inu musagwire poto. Itanani mayi mmodzi amene anzake amamudziwa kuti pophika salola zachibwana, makamaka amene wakhala akupukusa mutu chiyambire msonkhano. "Mayi, tabwerani mutithandize, manja anu ndi amene anthu awakhulupirire." Iwo atsuke nyemba zonyika usiku, athire madzi ocheperapo kusiyana ndi pamoto chifukwa nthunzi sithawa, avundikire, aike poto. Kenako lamulo limodzi: osavundukula. Kuvundukula kulikonse kumathawitsa kutentha kumene kwasonkhana kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi zonse pamapezeka bambo wina wofuna kusuzumira. Muikireni munthu womulondera.

Maola odikirawo musawadzaze ndi zolankhula za akuluakulu. Yalani makatoni, guluu ndi pepala la aluminiyamu, anthu adule ndi kumata okha. Onetsaninso za madzi akumwa: madzi akatenthedwa kufika madigiri 65 kwa kanthawi, tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba timafa, ngakhale asanawire. Pali kachipangizo kotchedwa WAPI, kachubu kokhala ndi phula mkati. Phulalo likasungunuka n'kutsikira pansi, madziwo afika pofunika. Dziwani kuti kutentha sikuchotsa mankhwala oipa kapena matope, kumangopha tizilombo.

Nthawi ikakwana, mayi aja avundukule okha ndi nsalu m'manja, chifukwa potoyo amawotcha ndithu. Nthunzi ija ikatuluka pamaso pa anthu, popanda utsi, popanda mwaye pansi pa poto, simufunikanso kulankhula. Gawani timbale, aliyense alawe.

5. Siyani aphunzitsi ndi zosinthira, osangosiya zophikira

Pa anthu amene alawa, pezani asanu kapena asanu ndi mmodzi amene akufunsa mafunso ovuta. Amenewo aphike ndi dzuwa kunyumba kwawo kwa mwezi wathunthu, alakwitse, akonze, kenako aphunzitse anzawo. Apatseni kangachepe pa ntchitoyi. Kudalira ongodzipereka mpaka kalekale n'kudzinamiza.

Za kugawa ulere ndimazikayikira, kupatula kumalo a ngozi ndi kumisasa ya othawa kwawo. Munthu akaperekapo kanthu, ngakhale pang'onopang'ono kudzera m'gulu losunga ndalama, chophikiracho amachilowetsa m'nyumba mvula ikamabwera. Koma chachikulu ndi chija chinagwetsa mayi a nkhuku aja. Musanagawe ngakhale chimodzi, dziwani amene adzagulitse matumba, amene adzadule galasi likasweka, ndi kumene utoto wakuda wopanda poizoni udzapezeke. Kalipentala ndi wokhoma zidebe wa m'deralo akhale m'gulu lanu kuyambira pachiyambi.

6. Gwiranani manja ndi amene ali kale pakati pa anthu

Simungafike paliponse nokha, ndipo palibe chifukwa choyambitsira bungwe latsopano pa chilichonse. Azaumoyo amaona ana odwala chibayo ndi amayi otsokomola, choncho nkhani ya utsi saivutikira kumva. Alangizi a zankhalango akufuna mitengo ipume. Aphunzitsi a sayansi akufuna chinthu chogwirika choonetsa ana. Aliyense mulankhuleni za phindu la ntchito yake.

Zitsanzo zilipo zoti muwaonetse. Solar Cookers International, yomwe inayamba mu 1987 ku Sacramento m'dziko la America, inayambitsa ntchito kumsasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya mu 1995, ndipo amayi a mumsasamo ndi amene ankaphunzitsa anzawo. Kum'mawa kwa Chad, kumsasa wa Iridimi, amayi othawa nkhondo ya ku Darfur m'dziko la Sudan ankapanga okha zophikira za katoni. Kwa iwo nkhani sinali mitengo yokha: kutuluka mumsasa kukatola nkhuni kunali kuika moyo pachiswe, chifukwa ankagwiriridwa ndi kumenyedwa kutchire. Ku Chile, m'mudzi wa Villaseca, amayi anafika potsegula malo odyera ophika ndi mabokosi a dzuwa, ndipo alendo amapitako dala.

Musaiwale makhitchini akuluakulu: masukulu ogonera, zipatala, ndende, malo opembedzera. Katswiri wina wa zophikira za dzuwa, Wolfgang Scheffler, anapanga dishi imene imalozetsa kuwala pamalo amodzi osasuntha, moti wophika amakhala m'nyumba pamthunzi dishi ili panja. Yoyamba anaimanga kumpoto kwa Kenya mu 1986, koma kumene nzeruyi inakula ndi ku India. Ku Shirdi ndi ku Tirupati madishi ambirimbiri amawiritsa madzi, nthunzi yake n'kumaphikira chakudya cha anthu masauzande patsiku. Khitchini imodzi ya sukulu imene ikuyenda bwino imaonedwa ndi makolo onse a m'deralo.

7. Lembani manambala anuanu

Pezani sikelo yopachika. Yezani nkhuni kapena makala amene banja limagwiritsa ntchito pa sabata musanayambe, mudzayezenso pakatha miyezi itatu, isanu ndi umodzi, ndi chaka. Pitani mosalengeza, dzuwa lili pamutu, muone ngati poto ali panja. Mukafunsa pakamwa aliyense adzati amagwiritsa ntchito tsiku lililonse, pofuna kukusangalatsani. Olephera alembeninso, ndi zifukwa zawo.

8. Tsopano pitani kwa opanga malamulo

Phungu kapena mkulu wa ku unduna wa zamphamvu alibe nthawi ya nkhani yaitali. Tengani tsamba limodzi lokhala ndi manambala anu aja ndi pempho limodzi lomveka. Mwachitsanzo: kuchotsa msonkho pa galasi ndi zonyezimira zopangira zophikira, kulemba kuphika ndi dzuwa m'ndondomeko ya dziko ya kaphikidwe kopanda utsi, kapena kuyesa khitchini ya dzuwa m'masukulu angapo a boma. Pempho la "tithandizeni" limathera m'kabati.

Akumbutseni zimene boma lawo linasainira kale. Cholinga cha nambala 7 pa zolinga za chitukuko za United Nations chimati pofika 2030 aliyense akhale ndi mphamvu zamakono, kuphatikizapo zophikira. Pansi pa pangano la ku Paris la 2015 dziko lililonse limalemba zimene lichite pochepetsa mpweya wowononga nyengo, ndipo kuphika ndi dzuwa kungalowe m'menemo. Mu May 2024, pamsonkhano wa ku Paris wa kaphikidwe kabwino mu Africa, womwe mmodzi mwa otsogolera anali Pulezidenti Samia Suluhu Hassan wa Tanzania, maboma ndi makampani analonjeza madola 2.2 biliyoni. Pamisonkhano yotereyi mawu a gasi ndi magetsi ndi amene amamveka kwambiri, chifukwa ali ndi makampani owalankhulira. Dzuwa lilibe woligulitsa, ndiye ngati inu simulitchula, palibe alitchule.

Akakufunsani za muyezo, yankho lilipo: ISO 19867-1 ya 2018 ndi ndondomeko yoyezera mbaula, ndipo zophikira za dzuwa zili ndi yakeyake yoyezera mphamvu, ASAE S580.1. Pemphani bungwe loona za miyezo m'dziko lanu kuti liziyese, kuti zachinyengo zisalowe pamsika n'kuipitsa mbiri ya zabwino.

Pokakumana ndi akuluakuluwo musapite ngati kagulu kamodzi. Sonkhanitsani onse ochita za mbaula, madengu ndi dzuwa, mugwirizane pempho musanalowe. Ndipo pampando wakutsogolo pakhale mmodzi wa amayi aphunzitsi aja, dengu lake lili pamiyendo. Msonkhano ukafika pakati, atsegule dengulo n'kunena kuti: "Bwana, izi ndaphika m'mawa uno popanda chikuni ngakhale chimodzi. Talawani."