Mmene mungawerengere malata, matabwa ndi ndalama za denga la nyumba yanu

Nyumba zambiri zimaima pa lintelo. Njerwa zatha bwino, mazenera ali m'malo, koma denga osaoneka, mpaka udzu kumera m'chipinda chogona. Nthawi zambiri sikuti mwini wake analibiretu ndalama, koma anangouzidwa pakamwa kuti "bwana, malata 30 akwana," osafunsa kuti 30 wachokera pati. Ine zinandionekera: malata anapelewera atatu, ndipo nditabwerera ku hadiweya patatha mwezi, a mtundu womwewo anali atatha. Mpaka lero kuseri kwa nyumba yanga kuli chigamba chooneka patali.

Masamu ake si ovuta. Mukufunika tepi, pepala, ndi kakyuleta ya m'foni. Tiyeni titenge nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, ya denga lotsetsereka mbali ziwiri, lija amati la gebulo.

Yambani ndi kutalika kwa mtsetse

Musadalire pulani. Pitani pamalopo mukayeze makoma kunja kwake, chifukwa omanga amasuntha chingwe osakuuzani. Mukatero gwirizanani ndi kalipentala kuti msonga ya denga ikwera bwanji kuchokera pamwamba pa khoma. Tinene kuti ikwera mita imodzi ndi theka.

Theka la mulifupi wa nyumba ndi 3.5. Chulukitsani 3.5 ndi 3.5, mupeza 12.25. Chulukitsani 1.5 ndi 1.5, mupeza 2.25. Mukaphatikiza ndi 14.5, ndipo square root yake pa kakyuleta ndi 3.81. Kuchokera pamsonga kufika pakhoma ndi mamita 3.81. Ngati masamu amenewa munasiyana nawo ku Fomu 2, jambulani denga lonse pansi ndi zikhomo ndi chingwe, muyeze ndi tepi. Yankho lidzafanana.

Onjezani masentimita 45 kuti lata lipitirire khoma, madzi a mvula asamanyambite njerwa. Zikukwana mamita 4.26. Poti malata amagulitsidwa m'mafiti, gawani ndi 0.305, ndipo mupeza kuti mukufunika malata a mafiti 14. Ngati kwanuko otalika chotere sapezeka, mulumikiza awiri, mwachitsanzo la mafiti 8 ndi la mafiti 7, koma lapamwamba likwere pa linzake masentimita osachepera 20. Kulumikiza kumadya malata ambiri ndipo polumikizirapo ndi pamene dzimbiri limayambira, ndiye ngati mungathe kudulitsa kufakitale muyeso wanu weniweni, teroni.

Malata angati?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Mulifupi wa lata lili lokha si mulifupi umene limafunda likakhomedwa, chifukwa m'mbali limakwera pa linzake. Malata otchedwa IBR, aja a mizere yamakona, amafunda masentimita 68.6. Malata amizeremizere aja alipo aakulu ofunda 76.2 ndi ang'ono ofunda 61. Musangomva za wogulitsa: sanjikizani malata awiri pansi pomwepo pashopu mmene akhalire padenga, muyeze nokha.

Nyumba yathu ndi mamita 10, tionjeze masentimita 30 mbali iliyonse ya gebulo, zikhala 10.6. Ngati malata ndi a IBR, gawani 10.6 ndi 0.686, mupeza 15.45. Theka la lata sagulitsa, ndiye ndi 16 mbali imodzi, 32 mbali zonse. Mukasankha amizere aakulu ndi 28, ang'ono ndi 36. Mwaonatu: lata lotchipa lija likakhala laling'ono, mugula ena asanu ndi atatu poyerekeza ndi lalikulu, kutchipa kwake kuthera pomwepo. Pa nambala imene mwapeza ikanipo awiri apadera. Limodzi limapindika pagalimoto, lina mnyamata wa kalipentala amaboola polakwika.

Denga la mbali zinayi, lija la hipu, ndi nkhani ina. M'makona malata amadulidwa mopingasa ndipo zidutswa zambiri zimatayika. Pamenepo werengani monga tachitiramu, kenako onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo, malinga ndi kuchuluka kwa makona ndi zigwa. Denga lokongola la makona ambiri limalipitsa kawiri, pogula ndi podzamata pothonya.

Za geji, muyeso wa kuchindikala kwa lata: nambala ikakula, lata limapyapyala. Geji 28 ndi yochindikala kuposa 30, ndipo 32 mutha kuipinda ndi zala. Ine nyumba yogonamo sindingaifolere ndi yopyapyala kuposa 28 ngati thumba likulola. Onani chidindo pa lata lenilenilo, osati zolembedwa pa lisiti.

Pamsonga pamafunika ma riji, timalata topindika tophimba pokumana mbali ziwiri za denga. Ngati ndi a mafiti 6, aliyense amafunda pafupifupi mamita 1.65 mukachotsa posanjikiza. Pa 10.6 mufunika 7.

Matabwa: werengani zidutswa, osati mamita

Matabwa a paini, kaya ochokera ku Chikangawa kaya ku Zomba, ambiri amabwera a mafiti 18, omwe ndi mamita pafupifupi 5.5. Fufuzani kaye kutalika kwa amene akupezeka kwanuko musanayambe kuwerenga.

Mathirasi, zimango za matabwa za makona atatu zonyamula denga, tiwaike motalikirana mamita 1.2. Pa mamita 10 pakhala mipata 9, kutanthauza mathirasi 10. Ngati makoma a gebulo amangidwa ndi njerwa mpaka pamsonga, awiri akumapeto sakufunika, atsala 8.

Tsopano thirasi imodzi. Ili ndi mtanda wapansi wa mamita 7 ndi pang'ono, mapaso awiri a 4.26, mzati wapakati wa 1.5, ndi zochirikiza ziwiri za pafupifupi 1.9. Mukaphatikiza ndi mamita 21, ndipo kakyuleta ikuuzani kuti matabwa anayi akwana. Ikunama. Phaso lililonse limadya thabwa lathunthu n'kusiya kachidutswa ka mita imodzi ndi pang'ono kosathandiza kwenikweni. Mtanda wapansi umafuna matabwa awiri olumikiza, ndipo chotsala chake chingotulutsa mzati wapakati. Zochirikiza zifuna thabwa lawolawo. Ndiye ndi matabwa 5 pa thirasi, 40 pa mathirasi 8 aja. Kukula kwake, kaya 2 by 4 kaya 2 by 6, akuuzeni mmisiri wodziwa, koma pa mamita 7 opanda khoma pakati musaumire, mtanda wapansi ukhale 2 by 6.

Mbariro zokhomerapo malata, zimene akalipentala amati ma purlin, nthawi zambiri ndi 2 by 3. Zikatalikirana masentimita 90, pa mtsetse wa 4.26 pakhala mizere 6, mbali zonse 12. Mzere uliwonse wa 10.6 umafuna matabwa awiri, ndiye 24. Koma polumikizira payenera kugwera pa thirasi, osati m'malere, choncho gulani 27. Onjezani matabwa 4 ogoneka pamwamba pa khoma pokhazika mathirasi, ndi 8 a fesha bodi ozungulira m'mphepete.

Posankha, thabwa lililonse liyang'aneni ndi diso limodzi kuchokera kunsonga ngati mukuloza mfuti. Lokhota lisiyeni. Lolemera modabwitsa ndi laliwisi, lidzapindika likamauma padenga.

Tating'onoting'ono todya ndalama

Misomali ya malata iwerengeni chonchi: malata 32, mbariro 6, misomali itatu pa mbariro iliyonse, ndi 576. M'mphepete ndi pamsonga amakhoma mothithikana chifukwa cha mphepo, ndiye tinene 700. Poti amagulitsa pa kilo, pemphani akuyezereni kilo imodzi muwerenge pakauntala pomwepo. Adzakuonani ngati wovuta, koma mudzadziwa makilo enieni. Palinso misomali ya mainchesi 3, 4 ndi 5 ya matabwa, mankhwala a chiswe opaka thabwa lililonse lisanakwere, ndi waya kapena hoop iron (chitsulo chopyapyala ngati lamba) womangira mathirasi kukhoma. Wayayu azikike mizere ingapo ya njerwa pansi kapena mu lintelo. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo timamva za madenga osasuka, ndipo ukapita kukaona umapeza denga lonse lili gone m'munda, malata ndi matabwa zili zogwirana bwinobwino. Chinalekana ndi khoma basi.

Kusandutsa manambala kukhala ndalama

Lembani chinthu chilichonse pa mzere wake: dzina, muyeso, kuchuluka, ndi mpata wa mtengo. Pitani ndi pepala lomwelo ku mashopu atatu. Funsani ngati mtengowo uli ndi VAT kale, ndiponso kuti kotesheni yawo ikhala masiku angati isanasinthe. Amene anali kumanga mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo wa Lachitatu sukhala wa Lachisanu. N'chifukwa chake sindinalembe mitengo muno, ndipo ndalama zikapezeka yambani kugula malata, chifukwa chitsulo chake chimachokera kunja. Asungeni pouma, otsamira pa matabwa. Malata osanjikizana akalowa madzi amachita mawanga oyera asanakwere n'komwe.

Pansi pa pepalalo onjezani thiransipoti, onyamula, ndi malipiro a kalipentala. Gwirizanani mtengo wa ntchito yonse, osati wa pa tsiku, ndipo mulembe kuti fesha bodi ndi kupaka mankhwala zili momwemo. Mulipire m'magawo: mathirasi akaima, malata akakhomedwa, chotsala akamaliza zonse. Pa chiwerengero chonse ikanipo 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi.

Mukatha, musabise pepala lanu. Muonetseni kalipentala muyerekeze ndi lake. Akanena kuti matabwa a mathirasi ndi 55 pamene inu mwapeza 40, musafulumire kumutcha wakuba, mwina akufuna kuthithikanitsa mathirasi pa chifukwa chomveka. Mungomufunsa kuti, "Amisiri, 15 enawa akupita pati?" Wodziwa ntchito amatola kamtengo n'kukujambulirani pansi.