Fosiforasi pa thonje la dripi: yesani madzi musanathire m'thanki

Alimi anzanga amene mwayala mapaipi a dripi, othirira modontheza madzi, m'munda wa thonje, pali funso limene mumandifunsa pafupipafupi: "Alangizi, feteleza yense tingomusungunula m'thanki?" Ureya musungunuleni. Koma wa fosiforasi tikhale kaye pansi.

Fosiforasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu zopezeka mu feteleza, ndi waulesi kuyenda. Nayitirojeni, amene ali mu ureya, amatsatira madzi kulikonse kumene alowera, pomwe mnzakeyu akangogwa pansi amakakamira pa dothi, masentimita ochepa chabe kuchokera pamene mwamuika. Tsono dripi sanyowetsa munda wonse. Kumbani pansi pa kabowo kamodzi ka paipi mutathirira, muona chinyezi chozungulira ngati mphika wokwiriridwa: pa makande ndi chotambalala, pa mchenga n'chopyapyala cholowa pansi ngati karoti. Mizu yodyera ya thonje imaunjikana mumphikamo. Feteleza amene mwamwaza pouma, pakati pa mizere, mbewu siimufikira chaka chimenecho, ngakhale mwalipira thumba lonse.

Ubwino wa dripi ulinso pomwepo. Madzi akamadontha pamalo amodzi tsiku ndi tsiku atanyamula fosiforasi, dothi la pafupi ndi kabowo limakhuta, wotsalayo n'kusunthira patsogolo pang'ono, pamene pali mizu. Ku Xinjiang m'dziko la China, kumene kumachokera thonje lochuluka la dzikolo, anayamba kuyala dripi pansi pa pulasitiki mu 1996 kudera la Shihezi, ndipo kudyetsa thonje kudzera m'mapaipi kunasanduka chizolowezi. Nthaka yawo ili ndi laimu wambiri, amene amamanga fosiforasi, choncho kumupereka pang'onopang'ono kumawathandiza kuposa kumukhuthula tsiku limodzi.

Thonje losowa fosiforasi silifuula ngati chimanga chosowa ureya. Limangopinimbira, masamba n'kukhala aang'ono, obiriwira moderako, maluwa n'kuchedwa, zibalobalo n'kuchedwanso kukhwima. Ambiri amanamizira mbewu kapena nsabwe. Mukamazindikira, masabata apita kale.

Njala yake ili pawiri. Likangomera limafuna pang'ono kuti mizu igwire. Njala yaikulu imabwera pamene tinsonga ta maluwa tayamba kuoneka, patatha masabata 5 kapena 6, mpaka zibalobalo zitadzaza, chifukwa fosiforasi wambiri amakathera mu njere. Ine ndimalangiza chonchi: gawo lina muike ngati wokulitsa pobzala, mumzere womwewo wa paipi, pambali pa mbewu ndi pansi pake pang'ono, mosakhudza njere. Apa feteleza wa timibulu wokhala ndi fosiforasi, monga TSP, DAP kapena NPK wa m'sitolo, ali bwino. Gawo lotsalalo lidutse m'mapaipi, pang'ono sabata iliyonse.

Tsopano pamene pamagwa anthu. Mlimi wina amene ndinkamuyendera anatenga feteleza wa timibulu wa 23:21:0+4S, n'kumuviika usiku wonse mu diramu, m'mawa n'kutsegula kuti alowe m'mapaipi. Sipanathe masabata awiri, mizere ya kumapeto inayamba kufota pomwe ya pafupi ndi thanki ikusangalala. Titadula paipi imodzi tinapeza zoyera zangati phala louma zitamata timabowo. Iye ankati amugulitsa mapaipi achinyengo. Mapaipi analibe mlandu. Feteleza wa timibulu sanapangidwire dripi, amasiya nsenga. Ndipo ngakhale wosungunuka bwino, akakumana ndi madzi a laimu, fosiforasi ndi laimu amagwirana n'kupanga timiyala tosasungunuka. Inu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, mumvetse bwino apa. Ngati ketulo yanu imachita zoyera m'kati, kapena sopo savuta kutha osachita thovu, madzi anuwo ndi okayikitsa.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Tungani madzi omwe mumathirira mu botolo loonekera m'kati, thiranimo feteleza pa mlingo umene adzayendere m'mapaipi, khutchumulani, muike pamthunzi mpaka mawa lake. Madziwo akakhala oonekera bwino, opanda nsenga, pitirizani. Akachita ngati mkaka kapena pansi pakakhala zoyera, ameneyo asalowe m'thanki. Zikatero, fosiforasi yense muikeni m'nthaka pobzala, m'mapaipi muzingodutsa nayitirojeni ndi potaziyamu. Si manyazi ayi, thonje lidyabe.

Oyenera m'mapaipi ndi amene thumba lake lalembedwa kuti amasungunuka onse: MAP wa ufa wa 12-61-0, MKP wa 0-52-34 amene amabweretsanso potaziyamu, kapena urea phosphate, amene amawawasa madzi ndipo amachita bwino pa madzi a laimu. Alipo amene amagwiritsa ntchito asidi wa fosiforasi, koma ameneyu amawotcha khungu ndi maso. Popanda magolovesi ndi wina wokuonetsani, musamuyandikire. Aliyense mwa amenewa asakumane mu diramu imodzi ndi feteleza wa calcium nitrate. Yambani ndi madzi okha mpaka mapaipi adzaze, kenako feteleza, pomaliza madzi okhanso kuti atsuke. Sefa muziitsuka mukangomaliza, ndipo kumapeto kwa mizere muzitsegulako nthawi ndi nthawi kuti zinyalala zituluke.

Matumba angati pa hekitala? Sindinena ndisanaone zotsatira za dothi lanu. Tengani dothi pansi pa mzere wa paipi, osati pouma, mupatse mlangizi wa dera lanu alitumize kokayezetsa, monga ku Chitedze kapena ku Bvumbwe. Munda umene wakhala ukulandira manyowa ndi NPK zaka zambiri ukhoza kukhala ndi fosiforasi wokwanira kale, ndipo kuwonjezera sikuonjezera mabelo. Fosiforasi akachuluka amatsekereza zinki, chakudya china cha mbewu, makamaka pa nthaka ya laimu: masamba a kunsonga amachepa, amachita chikasu pakati pa mitsempha ndi kupindikira m'mwamba. Mukaona zimenezi siyani kaye fosiforasi, mundiitane tidzaone limodzi ngati n'kofunika kupopera zinki pa masamba.