Tsiku loyamba ndi T-Maxx ya nitro: mmene mungazoloweretsere injini yatsopano

Nditaitulutsa m'katoni T-Maxx 3.3 yanga kuno ku Johannesburg, chinthu choyamba chimene chinandigwira mtima chinali kulemera kwake ndi mmene imanyutukira ikaikidwa pansi, chifukwa ili ndi mashoko asanu ndi atatu, awiri pa gudumu lililonse. Galimoto yoyendetsedwa ndi rimoti imeneyi imapangidwa ndi kampani ya Traxxas ya ku Texas, yomwe inatulutsa T-Maxx yoyamba mu 1999, ndipo mkati mwake muli injini yeniyeni yoyaka mafuta. Mtima umafuna kuithamangitsa nthawi yomweyo, koma ndikuchondererani kuti mudzigwire, pakuti moyo wonse wa injiniyo umadalira matanki asanu oyamba a mafuta.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka injiniyo. Pisitoni yake ilibe maring'i monga ya galimoto yaikulu. Imayenda m'kachubu kachitsulo komwe n'kopanikiza pang'ono kumtunda, ndipo kupanikizako ndi kumene kumasunga mphamvu ya mpweya. Injini ikatentha kachubuko kamafutukuka, kenako kamabwerera ikazizira, mpaka ziwirizo zitagwirizana bwino. Mukaipatsa moto wonse isanazolowere, pisitoni imaperepeseka msanga ndipo mphamvu yotayikayo sibwereranso.

Musanathire mafuta, mangitsani manati a magudumu ndipo onetsetsani kuti sefa ya mpweya ili ndi oyilo ndipo yakhala bwino pa kabyuleta, chifukwa kamchenga kamodzi kolowa m'kati kamakanda pisitoni. Yatsani rimoti kaye, kenako galimoto, ndipo pozimitsa muyambe galimoto. Mukasemphanitsa, galimoto ikhoza kuthawa popanda woilamula. Mafuta ake si petulo. Ndi osakaniza a methanol, nitromethane ndi oyilo, ndipo a 20 peresenti ya nitro ndi oyenera kuyambira. Methanol ndi poizoni, ndipo lawi lake silioneka bwino masana, choncho musasute fodya kapena kuyatsa moto pafupi.

Injiniyi ilibe pulagi ya sipaki. Ili ndi glow plug, yomwe kawaya kake kamafiira ndi magetsi poliza, ndipo injini ikalira kamakhalabe kofiira chifukwa cha kutentha ndi methanol yemweyo. Pa T-Maxx mumangolowetsa EZ-Start, kachipangizo ka batire kolizira injini, kumbuyo n'kudina batani. Ikakana kutembenuka musaikakamize, kawirikawiri imakhala kuti yamwa mafuta ochuluka. Masulani pulagi, gadabuzani galimoto, phimbani bowo ndi kansalu ndi kutembenuza injini kuti mafutawo atuluke.

Sankhani bwalo losalala, lopanda fumbi, monga poimika magalimoto pamene palibe anthu. Pa thanki yoyamba perekani moto wochepa, gawo limodzi mwa magawo anayi, kwa masekondi awiri okha, mugwire buleki, mubwerezenso chimodzimodzi mpaka mafuta atatsala pang'ono kutha. Zimitsani potsina kapaipi ka mafuta, ndipo muisiye izizire kwa mphindi 15. Thanki yachiwiri ndi yachitatu mufike theka la moto, ndipo moto wonse uyambe pa yachinayi, kwa masekondi atatu okha, kenako asanu pa yachisanu. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo galimoto imaoneka yaulesi, ikutsokomola ndi kulavula oyilo ku ekizozi mpaka gudumu lakumbuyo kunyowa. Ine ndinada nkhawa poganiza kuti ndagula yowonongeka, koma umu ndi mmene iyenera kukhalira, popeza oyilo amene amateteza injini amabwera limodzi ndi mafutawo.

Thanki yachisanu ikatha m'pamene mungakhudze singano yaikulu ya pa kabyuleta. Kuipotoza motsata mivi ya wotchi kumachepetsa mafuta, ndipo muzipotoza pang'ono kwambiri, ngati kusuntha muvi kuchoka pa 12 kufika pa 1, kenako muyendetse galimoto kangapo musanapotozenso. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, motero injini kuno imafuna mafuta ocheperapo kusiyana ndi ku Durban. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka adzaona zofananako. Chizindikiro chodalirika ndi utsi: pakhale kautsi kabuluu kooneka nthawi zonse pamene mwapatsa moto. Utsi ukasowa, kapena injini ikayamba kulira mokwera n'kumadukiza, imani ndipo mubweze singano, chifukwa mafuta ayamba kuichepera. Traxxas imachenjeza kuti kutentha kusapitirire madigiri 270 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 132 a Celsius, ndipo kachipangizo koyezera kutentha pa mutu wa injini n'kotsika mtengo poyerekeza ndi pisitoni yatsopano.

Yanga itafika pamenepa inasintha mawu, inalowa giya yachiwiri ndi kulira kwakuthwa, ndipo magudumu akutsogolo ananyamuka pamene ndinapatsa moto mwadzidzidzi.

Pomaliza kuseweretsa, khuthulani mafuta onse m'thanki ndipo mulize injini mpaka otsala m'mapaipi atapsa, chifukwa methanol imakoka chinyezi chimene chimachititsa dzimbiri m'mabering'i. Donthezani oyilo wotetezera injini pa kabyuleta ndi pa bowo la pulagi, tembenuzani injini kwa masekondi angapo, ndipo mutsuke sefa ya mpweya ndi kuipakanso oyilo musanaiike galimoto pa shelefu.