Mmene mungadziwire ngati shoko yomangirira ingagwire pa felemu ya aluminiyamu

Njinga yanu yakapalasa ilibe shoko kumbuyo, msana ukuwawa ndi mabampu, ndiye mwaona zida zija amamangirira kumbuyo kuti tayala lizinepa. Musanatulutse ndalama tengani kaye maginito muike pa felemu. Akamata ndi chitsulo, akagwa ndiye mwina ndi aluminiyamu, ndipo kawirikawiri pamakhala kasitika kolembedwa 6061 kapena 7005, manambala a mitundu ya aluminiyamu. Apa mpamene muyenera kudekha chifukwa aluminiyamu safuna kupindidwa kapena kufinyidwa, felemu yachitsulo mutha kuikhotetsa pang'ono nkukhalabe bwinobwino koma iyi imayamba kamng'alu kosaoneka kenako tsiku lina yangothyoka muli pa liwiro.

Yambani kuyeza mpata wa timakutu tiwiri tija timagwira ekiselo ya tayala lakumbuyo. Njinga zambiri za mountain zakale ndi 135 mm, za mpikisano 130 mm, zatsopano za ekiselo yolowetsa ngati bawuti zimakhala 142 kapena 148 mm ndipo shoko zomangirira zambiri sizilowa nkomwe pa zimenezi. Mpatawu ukasiyana ndi wa shokoyo olo ndi 5 mm yokha musalole amakaniko akanule felemu ndi thabwa, njira imeneyo ndi ya felemu yachitsulo basi.

Kenako onani pomwe chidacho chikukagwira kumwamba. Zina zimamangidwa pa timisomali ta mabuleki a V, koma timisomali timeneto anatipangira kuti tizipirira buleki, osati thupi lanu lonse likudumpha pa bampu. Pa felemu ya aluminiyamu nthawi zambiri kamsomaliko nkachitsulo kopotokolera mu aluminiyamu, mazinga akangodyeka kapena chowotcherera chake chikang'aluka basi zavuta. Zina zimabwera ndi kalampu yofinya paipi, nazonso nzoopsa chifukwa mapaipi a aluminiyamu amaoneka onenepa koma khungu lake ndi lopyapyala, mukamanga kwambiri amabonyoka. Pukutani matope onse, muunike ndi tochi mozungulira mowotcherera, mukaona kamzere kakuda kangati tsitsi kapena penti yotukumuka, zisiyeni.

Ndipo musamati ikathyoka ndikawotcheretsa. Felemu ya 6061 akaiwotcherera kufakitale amaiphikanso mu uvuni kuti ilimbe, ndi zija amalemba T6, ndiye olo mutapeza wa makina a argon, malo awotchawo amatsala ofooka.

Chidacho chimakankhiranso tayala kumbuyo, tcheni iyenera kuonjezedwa, mabuleki asamutsidwe, kaliyala mwina salowanso, komanso kumbuyo kukakwera chiwongolero chimasintha kamvekedwe.

Ine ndimaona kuti kwa ambiri chanzeru nkugula paipi ya chishalo ya shoko, felemu simuikhudza paliponse. Pali Suntour NCX imene imanepa pafupifupi 50 mm, Cane Creek Thudbuster ya mtundu wautali imafika 90 mm, Redshift ShockStop 35 mm. Zulani paipi yakale muwerenge nambala yodindidwa mmunsi mwake, yosonyeza kunenepa kwake, monga 27.2, 30.9 kapena 31.6 mm, mugule yofanana ndendende. Mukapeza yocheperako gwiritsani shimu yeniyeni, kapaipi kovekera kotseka mpatawo, yotalika ngati 100 mm, zodula chitini cha zakumwa nkupanikizira zija ayi ndithu, paipi imagwedera mkati mpaka pakamwa pa felemu pang'aluke. Ilowe kupitirira kamzere ka minimum insertion kosonyeza pomwe iyenera kulowa kufika, ndipo onetsetsani kuti yadutsa pomwe paipi yam'mwamba ya felemu inawotchereredwa. Yezaninso kutalika komwe paipi yakale imatulukira kunja, shokoyo payokha imadya mpata wa pafupifupi 10 cm kapena kuposa, ndiye ngati ndinu wamfupi chishalo chidzakukwererani mapazi osafika bwino pa mapedulo. Pakani girisi pang'ono kuti isadzakakamire, bawuti ya kalampu mumange mofika nambala yolembedwa pamenepo, nthawi zambiri 5 kapena 6 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), kenako muchune sipuling'i kapena labala molingana ndi kulemera kwanu kuti mukakhala pa chishalo izitsika pang'ono chabe.