Mukamawerenga mbiri, gwirani chaka chimodzi

Inu amene mukukonzekera mayeso a mbiri, lekani kuloweza madeti ngati manambala a foni. Sankhani chaka chimodzi, lembani papepala zimene zinachitika, kenako muzilumikize.

Tengani 1815. Ambiri amangodziwa kuti pa 18 June Napoleon, wolamulira France, anagonja pa nkhondo ya ku Waterloo pamaso pa Wellington ndi Blücher, akazembe ankhondo a Britain ndi Prussia. Koma mu April chaka chomwecho phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika, ndipo utsi ndi phulusa lake zinatchinga dzuwa moti mu 1816 ku Ulaya kunazizira, mbewu n'kukanika. Pamenepo onjezanipo Corn Laws, malamulo a 1815 oletsa tirigu wotchipa wakunja kulowa ku Britain. Buledi anadula, asilikali obwera kunkhondo ali opanda ntchito. Mukazimanga mtolo umodzi chonchi, siziiwalika.

M'mphepete mwa pepala lembani wasayansi Humphry Davy ndi nyali yake ya mu 1815 yosayatsa mpweya woopsa m'migodi ya malasha. Kwa ine ameneyu amaposa akazembe ankhondo aja, chifukwa nyaliyo inathandiza okumba malasha amene makina a nthunzi ankadya. Otto von Bismarck, amene anadzagwirizanitsa Germany, ndi Ada Lovelace, katswiri wa masamu wa ku Britain, anabadwanso chaka chomwechi, aikeni pansi penipeni.